Kodi Brexit inawatani anthu a kuno? Bambo ndi mwana wake sakumwerana madzi mpaka lero

NaPhiri_waStoke

Moni nonse, makamaka inu akuluakulu amene munafika kuno kalekale. Mwina funso langa lioneka lachibwana, koma landisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Ine ndinabwera mu 2022 pa viza ya care, ndipo ndimayenda m'makomo kusamalira okalamba kuno ku Stoke-on-Trent, ku England. Pali agogo ena aamuna amene ndimawaonera m'mawa ndi madzulo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale youmba mbale ndi makapu, moti mpaka lero ukawapatsa tiyi, akangomaliza amatembenuza kapu n'kuyang'ana kunsi kwake kuti inaumbidwa kuti. Akaona kuti ndi yochokera kunja amatsonya. Ndi munthu wabwino mtima. Amanditchula kuti "duck", ndipo masiku oyamba ndinkadabwa kuti ndalakwanji kuti ndisanduke bakha, kenako ndinamva kuti ndi mmene anthu a kuno amaitanirana akakukonda.

Lamlungu lapitali kunabwera mwana wawo wamkazi wa ku Bristol, amene amangooneka mwa apo ndi apo. Ndinawafunditsira timikate tawo topyapyala tija ta oatcake, n'kuwaikira tchizi, onse atakhala pabalaza. Pa TV ankaonetsa zakale za m'Nyumba ya Malamulo: bambo wina wamfupi wa imvi, tayi yamawangamawanga, akukuwa kuti "Order! Order!" mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Ine ndinaseka n'kufunsa kuti kodi ameneyo ndani. Abale inu, ndikanadziwa! Agogo aja anati ameneyo ndi mmodzi mwa anthu amene ankafuna kuwabera voti yawo ya Brexit, ija yotulutsa UK mu EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Mwana wawo anati, "Bambo, musayambe." Basi moto buu. Mwanayo akuti inu munatsekera adzukulu anu chitseko cha ku Ulaya chifukwa cha bodza lolembedwa pa basi. Agogo akuti zaka zonse zija mafakitale akutsekedwa panalibe anabwera kudzatifunsa kanthu, tsiku limodzi lokha limene anatifunsa tayankha, inu ophunzira mukuti ndife mbuli. Mayi uja anatola chikwama n'kutuluka, tiyi akadali kufuka nthunzi. Madzulo ake agogo sanakhudze chakudya.

Ine za Brexit ndinkangozimvera pa wailesi ndili ku Kasungu, ndipo ndinkayesa kuti ndi nkhani yoti inatha. Ndiye tandimasulireni. Ngati anthu anavota mu 2016, chinavuta n'chiyani kuti achite kutuluka mu 2020? Aphunguwo ankalimbirana chiyani? Nanga bwanji bala lake silikupola? Ndikufuna ndidziwe pamene ndinaponda, kuti ndisadzapondeponso.

Malume_Brum

A NaPhiri, musadziimbe mlandu. Chithupsacho chinali chitapsa kale, inu munangochikhudza. Bambo wa tayi uja ndi John Bercow, anali Sipikala kuyambira 2009 mpaka kumapeto kwa 2019.

Ine ndili ku Birmingham chiyambire 2003, ndimayendetsa basi, ndipo ndinene poyera kuti pa 23 Juni 2016 ndinavotera kutuluka. Ambiri sadziwa kuti ife a m'maiko a Commonwealth okhala kuno movomerezeka tinali ndi ufulu wovota tsiku limenelo, pomwe mnzanga wa ku Poland amene tinkasinthana naye shifiti analibe. Chifukwa changa chinali chimodzi. Iye anangokwera ndege n'kuyamba ntchito sabata yomweyo, pomwe ine kuti mayi a kunyumba ndi ana abwere ndinachita kutuluka thukuta losasimbika, ndalama za mapepala chaka ndi chaka. Ndinkati tonse tiziima pamzere umodzi.

Tsono za aphunguzo. Pa pepala lovotera panali funso limodzi: titsale kapena tituluke. Otuluka anapeza mavoti 17.4 miliyoni, otsala 16.1 miliyoni, kutanthauza 52 ndi 48 mwa 100 alionse. Koma funso loti tituluka bwanji panalibe. Zinali ngati abale agwirizana kuti ukwati uthe, koma za ana, za mbuzi, za ngongole ya malata palibe wanenapo, ndipo nkhoswe imene inaitanitsa bwalo yathawa. David Cameron, nduna yaikulu ya nthawiyo, analengeza kuti akutula pansi udindo m'mawa wotsatira womwewo. Katundu yense anagwera Theresa May, mayi amene nayenso anali mbali ya otsala. Ndipo aphungu ambiri mwa 650 aja anali otsala, koma akuimira madera amene anthu ake anati tituluke. Stoke wanuyo ndi chitsanzo: dera la Labour kuyambira kalekale, chipani chikuti titsale, koma anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse anachikanira.

Mayi May anadzisemera okha mpini wowapweteka mu 2017. Anaitanitsa chisankho chadzidzidzi poganiza kuti achulukitsa aphungu awo, m'malo mwake anachepa, osakwananso theka la Nyumba. Kuti boma liime anachita kukagwada kwa aphungu 10 a DUP, chipani cha ku Northern Ireland, n'kulonjeza mapaundi 1 biliyoni opita ku chigawo chimenecho. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi anzake khumi ankatha kuligwira boma pakhosi.

Kumapeto kwa 2018 anabwera ndi pangano lawo kuchokera ku Brussels, likulu la EU, chikalata cha masamba 585. Otuluka enieni anati uku si kutuluka ayi, n'kuima pakhomo mwendo wina uli m'nyumba. Otsala anati ngati ndi choncho kuli bwino tingokhala m'nyumbamo. Adani awiri anapezeka akulowera khomo limodzi, ndipo sindikuphiphiritsa. Kuno aphungu savota poimika manja. Belu likalira amadzuka n'kukadutsa m'makonde awiri, la "inde" ndi la "ayi", n'kumawerengedwa mmodzimmodzi ngati ng'ombe za kudibi. Pa 15 Januwale 2019 ndinali nditaimika basi kumapeto kwa ulendo, injini nditazimitsa, foni ili kukhutu: 432 akana, 202 avomera. Kusiyana kwa mavoti 230. Anthu a pa wailesi anati boma la kuno silinagonjepo chotero. Aphungu 118 a chipani chawo chomwe anawakana. Phungu wina wa Labour, Tulip Siddiq, anachita kusuntha tsiku la opaleshoni yobereka n'kubwera pa chikuku kuti voti yake isasowe. Chodabwitsa, mawa lake Nyumba yomweyo inavota kuti boma lisagwe, 325 kwa 306. Pangano la mayiyo sakulifuna, koma kuwagwetsa akuopa Jeremy Corbyn, mtsogoleri wa Labour pa nthawiyo.

Anabweranso nalo pa 12 Malichi, linagwa ndi mavoti 149. Bercow uja anakafukula mwambo wa mu 1604 woti nkhani imene Nyumba yakana singabwerenso chimodzimodzi osasintha kanthu, ndipo ndi zinthu ngati zimenezi zimene agogo anuwo amamudera. Boma linadula mbali ina ya panganolo n'kubwera nalo pa 29 Malichi, tsiku lenileni limene dziko linayenera kutuluka. Linagwanso ndi 58.

Pakati pomwepo aphungu anati boma lalephera, tipatseni chiwongolero. Anaika njira 8 patebulo: kutuluka popanda pangano, kufunsanso anthu, kutsala mu mgwirizano wa misonkho ya pamalire, kuifafaniza nkhani yonse, ndi zina. Zonse 8 anazikana. Patatha masiku asanu anayesanso 4, zonsenso anakana, ya phungu wamkulu wa Conservative Ken Clarke inalephera ndi mavoti atatu okha. Tsiku lina anafanana 310 kwa 310 mpaka Sipikala kuchita kuponya yake. Ine ndinangoti kakasi. Nyumba imene ija inali ndi anthu okwanira kukana chilichonse chimene mungabweretse, koma inalibe anthu okwanira kuvomera chinthu n'chimodzi chomwe.

Musaganize kuti inali nkhondo ya Conservative ndi Labour. Mng'alu unadutsa pakati pa chipani chilichonse. Corbyn anali ndi aphungu a ku London amene anthu awo ankafuna kuvotanso, ndi aphungu a kumpoto amene anthu awo ankati mukatibera simudzationanso. Anayesa kusangalatsa onse. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mayi May anatsanzika misozi ili m'maso mu Meyi 2019, Boris Johnson n'kulowa mu Julayi. Za ameneyo ndisiyire a Nangondo a ku Glasgow, poti ndikudziwa kuti akuwerenga ndipo sangalole kuti ndizinene ine.

Nangondo_Glasgow

Malume, mwandiitana, ndabwera. Manambala anu ndi oona, koma mwaifotokoza ngati zigoli za mpira. A NaPhiri afunsa chifukwa chake bala silikupola, ndipo yankho lake silili m'makonde ovotera aja.

Kutatsala sabata imodzi kuti anthu avote, pa 16 Juni 2016, phungu wa Labour Jo Cox anawomberedwa ndi kubayidwa masanasana ku Birstall, akupita kukakumana ndi anthu a m'dera lake. Mayi wa zaka 41, wa ana awiri ang'onoang'ono, wa mbali ya otsala. Tsiku lomwelo m'mawa Nigel Farage, mmodzi wa atsogoleri a otuluka, anali atavundukula chikwangwani cha chinamtindi cha anthu othawa kwawo ali pamzere, ngati kuti onsewo akulunjika kuno. Mu Novembala chaka chomwecho majaji atatu anagamula kuti boma silingayambe ndondomeko yotuluka popanda chilolezo cha aphungu. Mawa lake nyuzipepala ya Daily Mail inaika nkhope zawo patsamba loyamba n'kuwatcha adani a anthu. Mayi amene anakasuma, Gina Miller, wobadwira ku Guyana, anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo mtundu wa khungu lake sunasowe m'zonenazo. Kuchokera pamenepo amene ukusiyana naye maganizo sanalinso munthu wolakwitsa chabe, anasanduka wogulitsa dziko. Ndisabise, ife otsala nafenso sitinali angelo. Ndinamvapo ndi makutu anga m'chipinda chathu chopumira, namwino mnzanga akuti tingodikira okalamba amene anavotera kutuluka athe kufa, tidzavotenso. Ananena atangochoka kosambitsa okalamba omwewo.

Tsono Johnson. Analonjeza kuti pa 31 Okutobala 2019 atuluka, pangano lilipo kaya palibe. Kumapeto kwa Ogasiti anapempha Mfumukazi kuti itseke Nyumba ya Malamulo kwa milungu isanu, nthawi yeniyeni imene aphungu ankafuna kumumanga manja. Iwo anathamanga n'kukhazikitsa lamulo lomukakamiza kupempha nthawi ina ngati pangano silipezeka. Aphungu 21 a chipani chake amene anathandiza nawo anawathamangitsa usiku umodzi. Mmodzi anali Philip Hammond, amene miyezi iwiri m'mbuyomo anali nduna ya zachuma. Wina anali Nicholas Soames, mdzukulu wa Winston Churchill. Mng'ono wake weniweni, Jo Johnson, anasiya unduna sabata yomweyo n'kunena kuti wagwira njakata pakati pa ubale ndi ubwino wa dziko. A NaPhiri, ngati zinagawa ana a mimba imodzi a m'nyumba ya nduna yaikulu, za agogo anuwo musadabwe nazo.

Khoti la ku Edinburgh kuno ndi limene linayamba kunena kuti kutsekako kunali kosemphana ndi malamulo. Pa 24 Sepitembala khoti lalikulu kwambiri ku London, majaji onse 11, linavomereza. Ndimakumbukira Lady Hale, mkulu wa khotilo, akuwerenga chigamulo mofatsa ngati mphunzitsi wa Sande sukulu, pachifuwa atabaya kangaude wamkulu wonyezimira. Anati kutsekako kuli ngati sikunachitike n'komwe. Mawa lake aphungu anabwerera, ndipo usiku umenewo sindidzauiwala. Ndinali pa shifiti ya usiku, tikuonera pa foni ya mnzanga. Johnson ankangobwereza kutcha lamulo lija kuti ndi lamulo logonjera adani. Aphungu achizimayi anaimirira, mawu akunjenjemera, kumupempha kuti asinthe kalankhulidwe chifukwa mawu omwewo akuwapeza m'makalata owaopseza kuti aphedwa, n'kutchula dzina la Jo Cox. Iye anayankha kuti sanamvepo zachabechabe zotero.

Ndipo ife a ku Scotland tili ndi chathu chakukhosi. Kuno 62 mwa 100 alionse anati titsale, ndipo m'maboma onse 32 palibe limene linavotera kutuluka. Mu 2014, povota zoti Scotland idziimire payokha, anthu anauzidwa kuti njira yokhalabe mu EU ndi kukhalabe mu UK. Anamvera, 55 kwa 45. Patangotha zaka ziwiri anatulutsidwa ndi mavoti a ku England ndi Wales. Malume, mzere wanu umodzi uja kuno unatichotsera anamwino a ku Spain ndi ku Portugal amene ndinkagwira nawo ntchito. Anapakira n'kumapita, osati chifukwa anathamangitsidwa, koma anati sitingakhale pamene sitikufunidwa.

Mnyamata_waZomba

Ine ndinkazionera kuno kumudzi, ndipo pepani akuluakulu, tinkaseka. Anthu amene anatisiyira mawigi, ndodo ya Sipikala ndi "Honourable Member" akulephera kuyendetsa Nyumba yawo yomwe! Ndimakumbukira phungu wina mu Disembala 2018 atakwiya kuti voti yaimitsidwa, anapita n'kunyamula ndodo ija patebulo kumatuluka nayo, mpaka kuchita kumulanda pakhomo. Wina, Phillip Lee, Johnson ali pakati polankhula, anadzuka n'kudutsa pakati pa Nyumba kukakhala kwa a Liberal Democrat, boma n'kutaya mphamvu pomwepo anthu akuona. Kwathu kuno bwenzi tikuimba Section 65 mpaka mawu kusasa.

Ndipotu zotseka Nyumba zija sizinali zachilendo kwa ife. Mu 2007 otsutsa ankati bajeti sidutsa pokhapokha Sipikala athane ndi aphungu amene anathawira ku DPP, boma likuti bajeti kaye. Bajeti itangodutsa, a Bingu anatseka Nyumba. Ndiye nditamva kuti Johnson watseka yake ndinati mkuluyu anaphunzira kuno kapena?

Koma pali ziwiri zimene sindinazimvetse mpaka lero. Chinthu chija ankati backstop chinali chiyani, poti chinkangomveka tsiku ndi tsiku? Komanso ngati Nyumba inali itajama chotero, bwanji nduna yaikulu sinangoitanitsa chisankho msanga?

Dalaivala_Newry

Achimwene a ku Zomba, funso loyambalo ndi la pakhomo panga, poti ndimayendetsa lole pakati pa Newry ndi Dublin.

Munayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza? Pa Lizulu paja mumagula mbatata ya kachewere mbali iyi ya msewu muli ku Malawi, kuwoloka kukagula kabichi muli ku Mozambique. Kuno ndi chimodzimodzi, kungoti kuno anthu anaferapo. Malire a Northern Ireland, imene ili mu UK, ndi dziko la Ireland, limene lili mu EU, ndi otalika pafupifupi makilomita 500, ndipo misewu yowoloka ndi yoposa 200. Pali minda imene malire amadutsa pakati. Ine ndimadziwira kuti ndawoloka chifukwa zikwangwani za liwiro zasintha kuchoka pa mamailosi kupita pa makilomita, basi. Koma kwa zaka pafupifupi 30 kuno kunali nkhondo ya pachiweniweni, anthu oposa 3,500 anafa, pamalire pali asilikali ndi nsanja zolondera. Pangano la Good Friday la mu 1998 ndi limene linabweretsa mtendere, ndipo zipata zonse zinachoka.

Tsono mukatuluka mu EU n'kumati malamulo a katundu tizipanga tokha, penapake payenera kukhala poyendera mkaka, nyama ndi mankhwala. Mukaika chipata pamtunda, mwadzutsa mizimu. Mukaika panyanja, pakati pa Northern Ireland ndi Britain, a DUP akuti mwatidula ku dziko lathu. Mukati tisaike paliponse, ndiye kuti simunatuluke kwenikweni. Backstop inali chikole cha Mayi May: ngati njira ina sipezeka, UK yonse ikhalabe m'dongosolo limodzi la misonkho ya pamalire ndi EU kuti chipata chisabwerere, ndipo singachokemo payokha popanda mbali inayo kuvomera. Mawu omalizawo ndi amene otuluka enieni sakanawameza.

Johnson anachita zimene anauza a DUP pamsonkhano wawo kuti boma la Conservative silingachite: anaika chipata panyanja. Katundu wochokera ku Britain anayamba kufunsidwa mapepala pa madoko a Belfast ndi Larne. A DUP anakwiya mpaka kunyanyala boma la chigawochi la ku Stormont kuyambira Febuluwale 2022 kufika Febuluwale 2024. Zaka ziwiri chigawo chopanda boma lathunthu, anthu akudikira mizere ya kuchipatala.

Za chisankhozo, panali lamulo la mu 2011 loti nduna yaikulu singangoitanitsa chisankho mmene yafunira, pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu. Johnson anapempha katatu, otsutsa akumukaniza, kufuna kuti ayambe wapempha nthawi ina ku Brussels. Munthu amene ananena kuti kuli bwino apezeke atafera m'ngalande kusiyana n'kupempha, anatumiza kalata yopempha koma osasaina. Kenako anagwirizana za 12 Disembala 2019. Iye anangogwira mawu atatu, "Get Brexit Done", kwa anthu otopa. Anapeza mipando 365, Labour inagwa moti chiyambire 1935 inali isanagwepo chotero, ndipo mipando yonse itatu ya ku Stoke inakhala ya Conservative. Pa 31 Januwale 2020, 11 koloko usiku, anatuluka.

Malume_Brum

A Nangondo, za Jo Cox ndi za majaji sindikutsutsani, ndipo munthu amene anapha mayi uja sanaimire ine. Koma nanunso vomerezani kuti anthu 6 miliyoni atasaina pa intaneti kuti nkhani yonse ifafanizidwe, ndiponso ena akuguba ku London kuti tivotenso, munthu ngati agogo a ku Stoke ankamva chinthu chimodzi: voti yanu imawerengedwa pokhapokha mwayankha zimene ife tikufuna. Boma lomwe linatumiza kapepala khomo ndi khomo kulonjeza kuti lidzachita zimene anthu asankhe. Kanafika ndi pakhomo panga.

Mundifunse ngati ndinapeza zimene ndinkafuna. Mzere unakhaladi umodzi kuyambira Januwale 2021. Anthu a ku Ulaya atachepa, m'nyumba zosamalira okalamba munasowa manja, ndipo mu Febuluwale 2022 boma linatsekula viza ya care kwa anthu a kutali. A NaPhiri, khomo limene munalowera ndi limenelo. Agogo anuwo mwina sadziwa kuti voti yawo ndi imene inathandiza kuwabweretsera mwana wa ku Kasungu wowafunditsira oatcake. Pa nthawi ya voti, olowa m'dziko kuchotserapo otuluka ankakhala cha m'ma 300,000 pachaka. Pofika 2023 anapitirira 900,000. Amene anavota kuti alendo achepe akuti tinapusitsidwa. Amene anavota kuti titsale akuti tinaberedwa. Ifenso a mzere umodzi, mu Malichi 2024 analetsa a care atsopano kubwera ndi mabanja awo, ndipo ndalama za mapepala zikungokwera. Ya pa basi ija, mapaundi 350 miliyoni pa sabata opita ku zipatala, ine sindinaikhulupirire ngakhale tsiku limodzi, chikomekome cha mkuyu. Koma kuti ndinong'oneze bondo pamaso pa a Nangondo, ayi, zimenezo dikirani kaye.

Nangondo_Glasgow

Ndidikira, Malume. Chiyambire voti ija tadutsa Cameron, May, Johnson, Truss wa masiku 49 uja, Sunak, kenako Starmer. Kudikira tinazolowera.

NaPhiri_waStoke

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri pa basi popita ku ntchito. Malume, mwandidzidzimutsa ndi nkhani ya viza ija, sindinaganizepo kuti zikukhudzana. A Dalaivala, za Lizulu ndiye ndamva bwino kuposa zonse zimene ndinamvapo pa wailesi.

Dzulo madzulo ndinapita kwa agogo aja nditatsimikiza mtima kuti za ndale sinditsekula pakamwa. Anayambitsa okha. Ndikuwavula nsapato anandifunsa kuti kodi iwe duck, ukanakhala kuno nthawi imene ija ukanavotera mbali iti? Ndinati agogo, ine mu Juni 2016 ndinali ku Kasungu ndikuthandiza bambo anga kudinda mabelo a fodya, za ku Brussels ndikanazidziwira kuti? Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati mwana wawo uja ali wamng'ono ankamutenga pa Loweruka kukaona mauvuni a fakitale, ndipo ndi iwo amene anamukakamiza sukulu kuti asadzagwire dothi ngati iwo. Anakhala chete kanthawi, n'kuti ndiwapatse mankhwala awo.

Mayi uja tsiku lija anaiwala sikafu yake pampando. Ndinafunsa ngati ndiikulunge kuti itumizidwe ku Bristol. Agogo anati ndiisiye pomwepo, mwini wake akaifuna adzaitenga yekha. M'mawa uno ndinaipeza ataipinda bwinobwino, ili pampando womwewo.